Insulini Inali Kale M'sirinji

## Nambala ija

Papita zaka zingapo tsopano, koma nambala imene ndinaiona pa makina oyezera shuga usiku umenewo sinachokebe m'mutu mwanga. Inali 17.6, nambala yosonyeza shuga wokwera kwambiri. Nthawi inali itangopitirira 2 koloko usiku, ndipo ine ndinali m'chaka chachiwiri cha ntchito ya unamwino, m'wodi ya odwala ochitidwa opaleshoni. Pabedi lachitatu kuchokera pakhomo panagona mayi wina wachikulire wa matenda a shuga, amene anali atachitidwa opaleshoni ya m'mimba ndipo anali asanaloledwe kudya. Tinkawayeza shuga maola anayi alionse, n'kumawabaya insulini, mankhwala otsitsa shuga m'magazi, motsatira tchati chimene dokotala analemba: shuga akafika pakuti, mayunitsi akuti.

Cha m'ma 10 koloko usiku womwewo shuga wa mayiwo anali atatsika, ndipo ndine amene ndinawapatsa dextrose wa 50 peresenti, amene ndi madzi a shuga wambiri, kudzera pa kanyula, kapaipi kolowa mumtsempha, kudzanja lamanzere. Amene munakankhapo mankhwala amenewa mukudziwa mmene amavutira. Ndi onanda, amalimbitsa sirinji, ndipo ukakankha mwamphamvu ena amatayikira panja polumikizira. Anatayikadi pang'ono, n'kuyenderera kuseri kwa dzanja mpaka pakati pa zala. Ndinapukuta ndi thonje louma, ndinaona kuti mayiwo atsitsimuka, ndinalemba m'fayilo, kenako ndinapita kwa odwala ena.

Itakwana nthawi yoyezanso, ndinawapeza atafunda bulangeti mpaka m'khosi, dzanja lamanzere lokha lili kunja chifukwa cha diripi. Sindinafune kuwavutitsa. Ndinagwira chala chapakati cha dzanja lomwelo, ndinachipukuta kamodzi ndi sipiriti, ndinabaya, ndipo dontho loyamba lomwelo ndinalikhudzitsa kunsonga kwa sitiripi, kapulasitiki kolowetsa m'makina koyamwa magazi. Makina atasonyeza 17.6 sindinadabwe ngakhale pang'ono, ndipo kusadabwa kumeneko ndi kumene kumandiopsa mpaka lero. Yankho ndinali nalo kale m'mutu: ndawapatsa dextrose maola anayi apitawo, ndiye shuga wakwera. Ndinayang'ana tchati, ndinatenga insulini, ndinakoka mayunitsi 8.

## "Tagwirani zalazi"

Lamulo la wodi yathu linali lakuti insulini isabayidwe namwino wachiwiri asanaione. Masiku ambiri lamuloli tinkalitsatira mwamwambo chabe, kungomukwezera mnzako sirinji ali chapatali, iye n'kugwedeza mutu. Koma usiku umenewo ndinali pa ntchito ndi a sisitala ena akuluakulu amene analibe chizolowezi chogwedezera mutu chapatali. Anandilandira sirinji, anayang'ana mayunitsi, anayang'ana tchati, kenako anati, "Tiyeni tikawaone."

Atafika pabedi anawerama n'kuitana kuti, "Mayi, mayi, mukundimva?" Mayiwo anatsegula maso pang'ono, n'kuyankha mawu osamveka, lilime lili lolemera ngati la munthu woledzera. A sisitala anayatsa nyali ya kumutu kwa bedi, anawagwira pachipumi, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Pilo inali itanyowa ndi thukuta pamene khungu linali lozizira. Anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwayeza dzanja liti?" Ndinaloza lamanzere. Analitenga dzanjalo, anaphatikiza zala ziwiri n'kuzilekanitsa pang'onopang'ono, kenako anati, "Tagwirani zalazi." Ndinagwira, ndipo zinkamata.

"Ikani sirinjiyo patali, isayandikirenso kuno," anatero a sisitala. "Tulutsani dzanja linalo, lipukuteni ndi madzi, muliumitse, muyezenso. Fulumirani, mwana wanga." Makina anali omwewo, sitiripi inachokera m'kabotolo komweko, munthu anali yemweyo, ndipo panali pasanathe mphindi khumi chiyezereni koyamba kuja. Makina anasonyeza 2.9, shuga wotsika moopsa.

Tinatenga magazi a mumtsempha kudzanja lamanja kuti apite ku labu, ndipo mosataya nthawi tinawapatsanso dextrose, ulendo uno a sisitala akukankha okha atayala kansalu pansi pa kanyula. Pasanathe mphindi zisanu mayiwo anayamba kuphethira bwino, n'kufunsa chimene tinawaunjikanira pakati pa usiku. Dokotala atabwera anaona msanga chimene ine ndinalephera kuchiganizira: m'thupi mwawo munali mukugwirabe ntchito insulini ya nthawi yaitali imene anabayidwa m'mawa, iwo sanali kudya, ndipo dextrose wokankha kamodzi sakhalitsa m'magazi. Anasintha madzi a m'diripi, n'kulamula kuti tiziwayeza ola lililonse. Zotsatira za ku labu zinabwera zikuti 2.7.

Sirinji ija ndinakaiponya ndekha m'bokosi la masingano, manja akunjenjemera. Mayunitsi 8 a insulini kwa munthu amene shuga wake ali pa 2.9, ali m'tulo, ndipo woti adzamuyezenso abwera 6 koloko m'mawa: amene ali pa ntchito imeneyi sakufunika kuuzidwa chimene chikanachitika.

## Ndinafuna kuti mlandu ugwere makina

Kutacha, m'malo mopita kukagona, ndinanyamula makinawo pamodzi ndi kabotolo ka masitiripi kupita nazo ku labu. Za zala zomata zija ndinkazidziwa bwino, komabe mtima unkafunitsitsa kuti wina andiuze kuti makinawo ndi owonongeka, kuti mlandu tigawane. Ndinapeza bambo amene ankayang'anira makina onse oyezera pabedi m'chipatala monse, munthu wofatsa, wosathamangira kuyankha. Ndinawauza kuti makinawa andipatsa manambala awiri otalikirana kwambiri pa wodwala mmodzi.

Sananditsutse. Anatenga kabotolo ka masitiripi, anawerenga tsiku lothera mphamvu ndi nambala ya loti, yosonyeza gulu limene masitiripiwo anapangidwira pamodzi, kenako anatulutsa timabotolo tiwiri ta madzi a kontirolo, madzi a shuga wodziwika mlingo wake oyesera ngati makina akuyeza molondola, kena ka shuga wotsika, kena ka shuga wokwera. Koyambako anakagwedeza pang'onopang'ono, anafinya dontho loyamba n'kulitaya, anapukuta kukamwa kwa kabotoloko, ndipo dontho lachiwiri analidonthezera pamalo oyera n'kukhudzitsapo nsonga ya sitiripi. Anachita chimodzimodzi ndi kachiwiriko. Manambala onse awiri anagwera pakati penipeni pa malire olembedwa pa kabotolo ka masitiripi.

"Makina anuwa alibe mlandu, achemwali," anatero. "Anayeza shuga amene munawapatsa." Kenako anatenga kapepala n'kundiwerengera. Dextrose wa 50 peresenti ndiye kuti magalamu 50 a shuga m'mamililita 100, amene ndi mamiligalamu 50,000 pa desilita imodzi, pamene magazi a munthu wabwinobwino amakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 90 pa desilita. Kusiyana kwake kumaposa ka 500. Masitiripi a masiku ano amayamwa kadontho kochepa kwambiri, kambiri sikafika ndi microlitre imodzi yomwe, choncho kashuga kouma kamene maso sangakaone pakhungu n'kokwanira kusandutsa 2.9 kukhala 17.6.

Anandikumbutsanso zimene ndinaphunzira kusukulu koma ndinali nditazitaya panjira. Sipiriti amapha tizilombo koma sachotsa shuga bwinobwino, ndipo kupukuta kamodzi kumangomupaka ponseponse. Chimene chimachotsa shuga ndi madzi ndi sopo, dzanja n'kuuma bwino lisanabayidwe. Ngati kusamba sikutheka, dontho loyamba lipukutidwe, n'kuyeza lachiwiri. Ndipo dzanja limene lili ndi diripi siliyenera kuyezedwa n'komwe ngati linalo lilipo.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo, koma bambowo anaimirira n'kunena kuti, "Popeza mwabwera kale, tiyeni tikaone buku lanu la kontirolo."

## Buku limene munali zolemba zanga

Bukulo linkakhala m'dirowa ya tebulo la anamwino. Tsiku lililonse m'bandakucha, namwino wa usiku ankayenera kuyeza madzi a kontirolo a milingo iwiri ija n'kulemba tsiku, nambala ya loti, zotsatira ndi dzina lake. Bambowo anatsegula masamba mwakachetechete, chala chikutsika ndi mizere. M'mizere yambiri munalibe manambala, munangokhala kachizindikiro kochonga. M'mizere ina munali manambala awiri omwewo tsiku ndi tsiku kwa milungu itatu, ngati kuti aliyense ankangokopera za mnzake wapamwamba pake. Ankakoperadi, ndipo ndikudziwa zimenezi chifukwa mizere ina inali ya cholembera changa. Nthawi ya 5 koloko m'mawa, mankhwala asanagawidwe, malipoti asanalembedwe, belu likulira pabedi lakumapeto, zinali zosavuta kudziuza kuti makina amene ndawagwiritsa ntchito usiku wonse sangakhale atawonongeka.

"Kontirolo yoyezadi imavina pang'ono," anatero bambowo osakweza mawu. "Lero 2.6, mawa 2.8, mkuja 2.5. Ndikaona nambala imodzi yaima njo kwa milungu itatu, ndimadziwa kuti palibe amene akuyeza."

Kenako anapempha madzi a kontirolo a m'wodi mwathu. Tinawapeza, koma pa timabotolo tonse tiwiri panalibe tsiku limene tinatsegulidwa, ndipo kukamwa kwake kunali kutaumira shuga. Madzi amenewa, mitundu yambiri, amatha ntchito pakapita miyezi itatu chitsegulireni, ngakhale tsiku losindikizidwa ndi kampani likhale kutali chotani, chifukwa ukamatsegulatsegula madzi amauluka, shuga n'kutsala wochuluka kuposa mmene anapangidwira. Patebulo la matayala lonyamulira mankhwala panali kabotolo kena ka masitiripi kali chitsegulire. Bambowo anakhuthulira masitiripiwo m'dzanja n'kuwawerenga, ndipo anapezeka 58 m'kabotolo kolembedwa 50. Winawake, pofuna kusamala katundu, anali atathira otsala a kabotolo kakale m'katsopano. Malire a kontirolo amasindikizidwa malinga ndi loti yake, ndiye masitiripi akasakanizidwa chonchi sudziwanso kuti ukuyerekezera ndi malire ati.

Asanachoke ananena mawu amene ndakhala ndikuwabwereza kwa ophunzira onse amene adutsa m'manja mwanga: "Usiku wathawu makina anali bwino. Koma inu simukanatha kudziwa zimenezo. Zinangochitika kuti anali bwino."

Ndinapita kunyumba ndili ndi manyazi a mitundu iwiri, ndipo zinanditengera nthawi kuti ndiwalekanitse. Pali funso lakuti kodi makina ndi masitiripi akuyeza molondola, ndipo limeneli limayankhidwa ndi kontirolo. Palinso funso lakuti kodi dontho ili, lochokera pa chala ichi, likuimiradi magazi a munthu uyu, ndipo limeneli kontirolo singaliyankhe ngakhale itachitidwa katatu pa tsiku. Usiku uja ndinalephera funso lachiwiri, koma bukulo linaulula kuti loyambalo nalonso tinali titasiya kulifunsa kalekale.

## Chimene chili kunsonga kwa sitiripi

Nditayamba kuwerenga timapepala timene timabwera m'bokosi la masitiripi, timene kale ndinkangotitaya, ndinazindikira kuti chimene ndinkachiona ngati kapulasitiki wamba ndi chinthu chosachedwa kuwonongeka. Kunsonga kwake kuli enzyme youma, puloteni yofulumizitsa kusintha kwa zinthu, kawirikawiri glucose oxidase kapena glucose dehydrogenase, imene ikakumana ndi shuga wa m'magazi imayambitsa mphamvu yamagetsi yochepa kwambiri, ndipo makina amawerenga mphamvu imeneyo n'kuisandutsa nambala. Nzeru yolumikiza enzyme ndi chipangizo choyezera magetsi anaifotokoza Leland Clark ndi Champ Lyons mu 1962. Kuchokera nthawi imeneyo makina achepa mpaka kukwana m'thumba ndipo amayankha m'masekondi owerengeka, koma enzyme ikadali puloteni, ndipo kutentha ndi chinyezi zimaiwononga monga kale.

N'chifukwa chake m'kabotolo mumakhala mankhwala oyamwa chinyezi, ndipo chitsekerero chiyenera kubwezeredwa pomwepo ukangotulutsa sitiripi imodzi, kabotoloko n'kusungidwa pamalo osatentha kupitirira madigiri 30 kwa mitundu yambiri. Choopsa n'chakuti sitiripi yowonongeka sioneka ndi maso, ndipo nthawi zambiri makina saikana. Amatulutsa nambala yooneka bwino, ya kadontho kake pakati, yosasiyana maonekedwe ndi nambala yoona.

## Makina abwino nawonso amaphonya

China chimene chinandidzidzimutsa n'chakuti ngakhale zonse zitakhala m'malo mwake, makina amenewa amaloledwa kuphonya. Muyezo wa padziko lonse wa ISO 15197, monga unakonzedwera mu 2013, umafuna kuti zotsatira 95 pa 100 zilizonse zisatalikirane ndi za ku labu kupitirira 0.83 mmol/L (mlingo umene manambala ngati 17.6 uja amawerengedwera) ngati shuga ali pansi pa 5.55, ndiponso zisatalikirane kupitirira 15 peresenti ngati shuga ali pa 5.55 kapena kuposa. Muyezo wa 2003 unali wolekerera kuposa pamenepa, chifukwa kumtunda unkalola 20 peresenti. Muyezowu unalembedwera makina amene odwala amadziyezera okha, koma m'mawodi ambiri makina amene timanyamula ndi a mtundu womwewo.

Pabedi la wodwala zimenezi zikutanthauza kuti shuga weniweni akakhala 10.0, makina abwinobwino angasonyeze chilichonse kuyambira 8.5 mpaka 11.5. Kumtunda kumeneko kusiyanaku sikusintha zambiri. Kumunsi ndiye kuli nkhani, chifukwa munthu amene shuga wake ali 3.5, pansi pa malire a 3.9 amene timayambira kunena kuti shuga watsika, makina angamusonyeze 4.3 osaphwanya muyezo uliwonse. Choncho ndikaona 4.2 pa munthu amene akutuluka thukuta ndi kunjenjemera, sindinenanso kuti ali bwino chifukwa sanafike pamalire.

Poyerekezera ndi labu palinso msampha wake. Magazi akakhala m'chubu asanalekanitsidwe, maselo amapitiriza kudya shuga, pafupifupi 5 mpaka 7 peresenti pa ola lililonse, ndipo ngakhale chubu cha chitsekerero chotuwa, chokhala ndi fluoride, sichiletsa zimenezi nthawi yomweyo, moti pa ola loyamba kapena awiri shuga amatsikabe. Chubu chikagona patebulo maola atatu chikudikira wokachisiya, labu idzanena nambala yotsika, ife n'kuyamba kuwaimba mlandu makina osalakwa. Ndipo amene amagwira makina a mitundu yosiyanasiyana aziyang'ana tizilembo ta pambali pa nambala, popeza 1 mmol/L ndi 18 mg/dL.

## Magazi amene kontirolo siiwadziwa

Madzi a kontirolo ndi madzi a shuga okonzedwa bwino. Alibe maselo ofiira, sanalandire mankhwala alionse, ndipo BP yawo sigwa. Wodwala zonsezi ali nazo. Maselo ofiira akachuluka, monga mwa ana obadwa kumene kapena mwa munthu amene thupi lake latha madzi kwambiri, makina ambiri amasonyeza shuga wotsika kuposa weniweni. Akachepa, monga mwa munthu wosowa magazi, amasonyeza wokwera. Chachiwirichi ndi chimene chimandidetsa nkhawa m'wodi ya opaleshoni, chifukwa chimabisa kutsika kwa shuga mwa anthu amene ndi ofooka kale. Kapepala ka masitiripi kamatchula malire a haematocrit, kutanthauza kuchuluka kwa maselo ofiira m'magazi, amene makinawo anayesedwera, ndipo makina ena atsopano amakonza okha kusiyanako, koma ndi ochepa mwa ife amene angatchule malire a makina amene ali nawo m'manja.

Munthu amene BP yake yagwa, zala zazizira, kapena ali pa mankhwala ofinya mitsempha, magazi a kunsonga kwa chala chake amayenda pang'onopang'ono ndipo sangadaliridwe. N'chimodzimodzi ndi dzanja lotupa ndi madzi, kapena chala chimene tachifinya mwamphamvu ngati tikukama. Apa magazi a mumtsempha opita ku labu ndi amene ayenera kuweruza. Masitiripi a glucose oxidase amasokonezekanso ndi kuchuluka kapena kuchepa kwa okosijeni m'magazi, ndipo vitamini C wambiri wolowera m'diripi amakweza nambala pa makina ena.

Nkhani yomvetsa chisoni kwambiri ndi ya masitiripi okhala ndi enzyme ya GDH-PQQ, mtundu wina wa glucose dehydrogenase, amene sankasiyanitsa glucose ndi mashuga ena monga maltose, galactose ndi xylose. Odwala impso amene ankatsukidwa magazi kudzera m'mimba ndi madzi a icodextrin, amene m'thupi amasanduka maltose, ankasonyeza shuga wokwera pamene weniweni anali wabwinobwino kapena wotsika, ndipo ankabayidwa insulini chifukwa cha nambala imeneyo. Mu 2009 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zakudya ku America, linachenjeza poyera za masitiripi amenewa, litalandira malipoti a imfa 13 kuyambira 1997. Ndikawerenga nkhani imeneyi ndimaganiza za anamwino amene anagwira masirinjiwo. Ngakhale akanachita kontirolo yawo mokhulupirika m'mawa umenewo, ikanatuluka bwinobwino, chifukwa m'madzi a kontirolo mulibe maltose.

## Kontirolo ikakana

Patapita miyezi ingapo anandipatsa udindo woyang'anira makina a m'wodi yathu, mwina poona kuti wopsa ndiye amaudziwa moto. Sitinachite zachilendo. Kontirolo ya milingo iwiri imachitidwa pa maola 24 alionse amene makina akugwira ntchito, komanso potsegula kabotolo katsopano ka masitiripi, makina akagwa pansi, ndi nthawi iliyonse imene nambala ikukangana ndi mmene wodwala akuonekera. Tsiku lotsegulira ndi tsiku lotayira limalembedwa pa kabotolo ndi cholembera chosafufutika dontho loyamba lisanafinyidwe. Kuchonga tinakuletsa, m'buku mumalowa nambala. Makina amapukutidwa ndi mankhwala opha tizilombo akachoka kwa wodwala mmodzi asanapite kwa wina, ndipo chobayira chala ndi cha munthu mmodzi yekha, chifukwa kachilombo ka hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo pa magazi ouma kwa masiku 7 kapena kuposa.

Chimene chinathandiza kwambiri, m'kuona kwanga, chinali kusintha nthawi. Kontirolo tinaichotsa ku 5 koloko m'mawa, nthawi imene namwino wa usiku amakhala atatopa ndipo ntchito zonse zamuunjikira, n'kuiika kumayambiriro kwa shifiti, anthu awiri akulandizana ntchito. Kudzudzula anamwino kuti ndi aulesi n'kosavuta, koma buku limene aliyense amalinamiza kawirikawiri limakhala likunena kuti ntchitoyo inaikidwa pa nthawi yolakwika.

Chovuta chenicheni chimabwera tsiku limene kontirolo yakana. Mtima umafuna kubwereza, kubwerezanso, mpaka nambala ina igwere m'malire, n'kulemba imeneyo yokha. Kumeneko n'kukopera kwa mtundu wina. Nambala yokanayo iyenera kulembedwa mmene yatulukira. Kenako umayang'ana ngati sunasinthanitse timabotolo, umayang'ana masiku, umabwereza kamodzi ndi sitiripi ina. Ikakanabe umatsegula madzi a kontirolo atsopano, kenako kabotolo katsopano ka masitiripi, ndipo zikalephereka zonsezi makinawo amamatidwa chikwangwani n'kupita ku labu. Gawo limene ambiri timaliiwala ndi lomaliza, lobwerera m'mbuyo kukaona odwala amene anayezedwa ndi makinawo kuchokera pa kontirolo yomaliza yabwino, makamaka amene anabayidwa insulini.

Bambo a ku labu aja anandiphunzitsanso kujambula manambalawo pa galafu, njira imene Stanley Levey ndi E. R. Jennings anaibweretsa m'malabu a zipatala mu 1950. Manambala akhoza kukhala onse m'malire koma akupendekera mbali imodzi pang'onopang'ono, ndipo m'buku zimenezi sizioneka pamene pa galafu zimaonekera poyera. Limodzi mwa malamulo amene James Westgard ndi anzake anafalitsa mu 1981 limati manambala khumi otsatizana akagwera mbali imodzi ya mzere wapakati, pali chimene chasokonekera ngakhale palibe imene yadumpha malire. Ndi mmene tinagwirira vuto lina m'chaka chotsatira. Kontirolo yathu inayamba kupendekera, ndipo titafufuza tinapeza kuti tebulo la matayala lija linkaimikidwa pafupi ndi zenera masana alionse, dzuwa likuwomba bokosi la masitiripi kwa maola atatu. Makina atsopano amene amadzitseka okha kontirolo ikapanda kuchitidwa ndimawayamikira, chifukwa buku lawo silinamizika mosavuta, koma palibe ngakhale amodzi mwa iwo amene akanamva kuti zala za mayi aja zikumata.

## Mayi aja

Lipoti la zimene zinatsala pang'ono kuchitika ndinalilemba ndekha tsiku lomwelo, a sisitala n'kusainira pansi pake osawonjezera mawu. Dokotala anawafotokozera mayiwo pamodzi ndi mwana wawo kuti shuga anatsika kwambiri usiku, kuti muyezo woyamba unali wolakwika, ndiponso kuti wolakwikawo unagwidwa mankhwala asanaperekedwe. Mayiwo anamvetsera, anagwedeza mutu, n'kufunsa tsiku limene adzaloledwe kudya.

Anatuluka pa tsiku lachisanu ndi chinayi. Pochoka anandiitana, anandigwira ndi dzanja lamanzere lomwe lija, pulasitala ikadali pamene panali kanyula, n'kunena kuti, "Mwana wanga, inu mumabaya bwino, simupweteka." Ndinayankha kuti, "Zikomo, mayi," ndipo ndinawanyamulira chikwama mpaka pakhomo la wodi.